Kalata Yomwe Atate Analemba Ali M'manda

Atate anali atagona m'manda miyezi isanu ndi itatu pamene kalata yawo yatsopano inapezeka paguwa.

Inapezeka Lachinayi m'mawa, itapindidwa patatu monga mwa nthawi zonse, italowetsedwa m'Baibulo lalikulu la m'tchalitchi. Anaiona ndi mlonda, ndipo akuti anathawa mpaka kugeti nsapato imodzi itatsala pakhomo. Pofika masana mpingo wonse unali ukunong'onezana kuti Atate sanagone. Koma Mayi Guluu analibe nazo ntchito za akufa olemba makalata. Chomwe chinkawaotcha mumtima chinali chimodzi basi: mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo anali m'chitolokosi, pomuganizira kuti wapha munthu.

Mayi Guluu anali wosoka mabuku, ndipo dzinalo anawapatsa ndi makasitomala chifukwa cha fungo la m'kashopu kawo. Atate, amene anayambitsa mpingowo zaka makumi anayi zapitazo, anasiya makalata 26 omwe ankawerengedwa Lamulungu lililonse pambuyo pa Baibulo. Loweruka likubweralo akulu ampingo amayenera kukumana kuti atseke buku, kutanthauza kugwirizana kuti makalata a Atate ndi awa, ndipo palibe ina idzawonjezedwe mpaka kalekale. Ntchito younika makalatawo anaipereka kwa Aphunzitsi a kusukulu ya ubusa. Yotaipa anaipereka kwa mwana wa Mayi Guluu, yemwe anali mlembi wa muofesi. Ndiye Lachitatu madzulo, mvula ikukhuthuka, Aphunzitsi anapezeka pansi pa masitepe a ofesiyo mutu utasweka. Anawapeza ndi mtsikanayo.

"Mayi, ine sindimanga munthu chifukwa chomuda," anatero Sajeni, bambo wa maso otopa amene ankayankhula akutokosa m'khutu ndi kiyi. "Makiyi a ofesi amasunga ndi mwana wanu. Makalata a Atate wakhala nawo miyezi isanu, kalembedwe kawo anakaloweza. Bulauzi yake ili ndi magazi. Ndiye Abusa aang'ono, mwana wa Atatewo, akuti Aphunzitsi anawauza Lolemba kuti apeza chinyengo m'makalatamo, adzaulula Loweruka. Chinyengo cha mapepala angachite ndani kupatula wogwira mapepala?"

"Magaziwo ndi oti anawanyamula mutu! Mukanakhala inu mukanawasiya pansi ngati thumba la makala?"

"Nanga iyi?"

Sajeni anakankha pepala patebulo. Mayi Guluu atangoona zilembozo anazizindikira. Anali malembedwe a Atate enieni, ang'onoang'ono, oongoka ngati mpanda.

*Mwana wanga, Lachitatu ndinakuona pamasitepe. Unakankha ndi manja awiri. Usatseke buku langa magazi asanaume. Ine Atate.*

"Abusa aang'ono akuti mwana wanu walemba yekha kuti mlandu ugwere iwo," anatero Sajeni. "Ndipo kunena zoona, mayi, ine ndikasankha pakati pa mtsikana wamoyo ndi nkhalamba yakufa, ndiyamba ndi wamoyoyo."

Mayi Guluu ananyamula pepalalo ndi nsonga za zala, n'kulipendeketsa cha kuwindo monga amachitira akafuna kuona ngati pepala lili ndi chinyezi. Pamzere uliwonse panali kamthunzi ka inki, kopyapyala, kokokeka kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kamthunzi kameneka anali atakaonapo kwinakwake.

Anawalola kuona mwana wawo kwa mphindi zisanu zokha. Anali atakhala pasimenti, wopanda nsapato, milomo itauma.

"Ndinatuluka folo koloko kukagula inki ya makina, amayi. Ndinapeza potseka. Ndabwerera ndanyowa, ndiye ndawapeza ali pansipo."

"Unakumana ndi ndani panjira?"

"Mvula imeneyo akanayenda ndani?" anatero mtsikanayo. "Amayi, anali akupumabe. Sanathe kuyankhula. Ndinawapatsa dzanja ili kuti agwire, koma analikankha. Anafufuza linali, lamanzereli, n'kulifinya katatu akundiyang'ana m'maso. Ndikatsinzina ndikumamvabe zala zawo."

* * *

Makalata enieni a Atate, olembedwa pamanja aja, anali kushopu kwa Mayi Guluu. Mpingo unawapatsa kuti awasokere chikuto chachikopa oti azikasungidwa. Atafika anakhoma chitseko, n'kuwayala onse 26 patebulo lodulira mapepala.

Kalata yoyamba pepala lake linali litafiira ngati tiyi. Anaipendeketsa. Kamthunzi kaja mbwee! Yachiwiri chimodzimodzi. Yakhumi, ya makumi awiri, mpaka yomaliza, onse anali nako. Sabata yathayo iwo omwe anakhala tsiku lathunthu akuyesa kukafufuta ndi labala, akung'ung'udza kuti Atate anali munthu woyera koma wauve papepala.

Si uve ayi. Wosoka mabuku aliyense amene wagwirapo makope a ana asukulu amakadziwa kamthunzi kameneka. Munthu wolemba ndi dzanja lamanja, dzanja limatsogola, inki n'kumauma kumbuyo. Wolemba ndi lamanzere, dzanja limadutsa pomwe wangolemba kumene, n'kumaikoka inkiyo isanaume. Makalata onsewa analemba ndi munthu wamanzere.

Mtima unayamba wakhala pansi, chifukwa mwana wawo ngakhale supuni sankatha kuigwira ndi manzere. Kenako anakumbukira chinthu china, n'kukhala pampando.

Dzanja lamanzere la Atate linali lopuwala chibadwire. Aliyense ankadziwa. Ankalisunga m'thumba la jekete, ndipo tsiku lomwe ankawasambitsa atamwalira, amene analiona ankati linali laling'ono ngati la mwana wa zaka zisanu, zala zitapindikira mkati. Dzanja limenelo silikanagwira cholembera ngakhale tsiku limodzi.

Mushopumo munali zii. Mapepala aja anangogona patebulo, ndipo kwa nthawi yoyamba Mayi Guluu anachita nawo mantha. Nanga zaka makumi anayi zonsezi mpingo wakhala ukumvera ndani?

* * *

Lachisanu m'mawa anapita kutchalitchi. Mlonda anamupeza atakhala panja pa geti, osati mkati, Baibulo laling'ono lili m'thumba la malaya.

"Mayi inu, ine muno ntchito ndasiya, kungoti sindinawauze," anayamba asanafunsidwe n'komwe. "Ine ndakhala ndikunena! Kuyambira kalekale ndakhala ndikunena kuti m'nyumba muno muli cholemba. Ukalowa m'sitolo mosungira mipando muja, n'kukhala phee, umamva kuseri kwa khoma: kwe, kwe, kwe. Cholembera, mayi! Masanasana dzuwa lili pamutu! Atate ali moyo ndinkati ndi mbewa. Atamwalira chinasiya. Lachitatu madzulo, thupi la Aphunzitsi atangolinyamula, chinayambiranso. Ndikulumbira, tsitsi linaima."

"Lachitatulo munali kuti pamene Aphunzitsi amagwa?"

"M'kanyumba kanga aka. Mvula pamalata apa, ngakhale munthu akuwe bwanji simungamve."

"Nanga Abusa aang'ono?"

"Iwo akuti anali m'kachipinda kovalira kaja, kupemphera, kuyambira fili koloko mpaka belu la mapemphero. Ndi zomwe anauza apolisi. Ine ndine ndani kuti nditsutse?"

"Belu munaimba ndinu?"

"Faifi koloko ndendende. Ndiye pobwera kubeluko ndinakumana nawo pakhomo la kachipindako." Mlondayo anayang'ana uku ndi uku, mawu n'kutsika. "Kungoti mapewa a jekete anali onyowa. Ndipo ankanunkha palafini."

"Kachipindako kamadontha?"

"Malata ake ndi atsopano, mayi. Ndinakhoma nawo ndine."

"Apolisi munawauza?"

"Sanandifunse za jekete. Anandifunsa za makiyi."

Mwadzidzidzi mlondayo anadzuka n'kuvula chipewa. Mayi Guluu atacheuka anapeza Abusa aang'ono ataima kumbuyo kwawo, pafupi kwambiri, osamveka kuti abwera nthawi yanji. Anali munthu wamtali, woyankhula motsitsa ngati ali pamaliro nthawi zonse.

"Mayi, tikukupemphererani usana ndi usiku. Mwana akalakwa, kholo silikhala ndi mlandu."

"Zikomo, abusa."

"Makalata a Atate aja abwere lero. Si bwino kuti zinthu zopatulika zizigona m'nyumba yomwe muli nkhani."

"Guluu sanaume, abusa. Ndikawasuntha lero amatana, ang'ambika." Linali bodza, chifukwa anali asanapake ngakhale dontho.

Abusawo anawayang'ana nthawi yaitali, akumwetulira pakamwa pokha.

"Ndiye ndibwera ndekha madzulo ndidzaone mmene waumira," anatero.

* * *

Makalatawo Mayi Guluu anawakulunga m'nsalu n'kuwaika pansi pa chikwama chawo. Kushopu sanabwererenso. Analunjika kunyumba kwa Aphunzitsi, komwe anapeza mipando itatulutsidwa panja, mayi wamasiye atakhala pamatilesi m'chipinda chochezera. Ankaopa kuti awathamangitsa. Koma namfedwayo anawakodola, n'kuwasendezera malo.

"Mwana wanu ankabwera muno kudzatenga mapepala. Ankawagwadira bambo ake a anawa ngati bambo ake omubala. Zoti wawapha ine zikundikanika kumeza."

"Ndithandizeni, mayi. Masiku omalizawa ankanena chiyani?"

"Ankanena chiyani! Munthu uja ankasiya liti kunena?" Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. "Zaka makumi atatu ndadya chakudya changa ndi maphunziro a Baibulo. Ankati Baibulo silinagwe kumwamba lili ndi chikuto. Akuti poyamba anali makalata ndi timabuku tomwazikana, mpingo uwu uli ndi aka, uwo uli ndi ako, ena enieni, ena onamizira mayina a atumwi. Ndiye akhristu akalewo anatenga zaka mazana akukangana kuti lilowe liti, litsale liti. Ankafunsa kuti: lachokera kwa ndani? Likuwerengedwa m'mipingo yonse? Likugwirizana ndi zomwe tinalandira? Nditati ndiye inu mukawafunse makalata a Atatewa mafunso omwewo, anati awiri omalizawo akhoza bwinobwino. Loyambalo ndi lomwe linawasowetsa tulo."

"Anakuuzani chifukwa chake?"

"Ayi. Anangoti, ‘Mayi, atumwi nawonso ena ankangoyankhula, wina n'kumalemba. Limenelo si tchimo. M'Baibulo momwemo muli kalata ina yomwe mpaka lero ophunzira sagwirizana kuti analemba ndani, koma inalowa, ndipo imatonthoza anthu. Tchimo ndi kutseka chitseko mwini nyumba ali panja.’ Ine ndinati idyani, chakudya chikuzizira." Anapukuta m'maso. "Kenako anayamba khalidwe lachilendo. Kuponyera anthu zinthu."

"Kuponya?"

"Eya! Munthu wamkulu, wa tayi. Akakumana ndi mkulu wampingo, ‘Gwirani!’ waponya makiyi. Akakumana ndi mayi wa kwaya, ‘Gwirani!’ waponya lalanje. Ine manyazi! Ndinkati mutu wayamba kusokonekera ndi mabuku."

Apa Mayi Guluu anazindikira. Aphunzitsi sanapenge. Munthu ukamuponyera chinthu mwadzidzidzi amawakha ndi dzanja lomwe amadalira. Iwonso anali atakaona kamthunzi kaja, ndipo ankasaka mwini wake. Ndi zomwe ankafuna kumuuza mwana uja pomufinya dzanja.

"Anasiya liti kuponyako?"

"Lamulungu lapitali. Titatuluka m'tchalitchi anazungulira kuseri ndi lalanje lawo. Pobwera analibe. Tsiku limenelo sanadye, anangokhala n'kumalemba m'kope lawo lakuda. Kopelo apolisi akuti sanalipeze."

"Kuseriko kumakhala ndani?"

"Kuseri kwa sitolo ya mipando? Palibe. Ndi Azakhali okha aja, ophika tiyi."

* * *

Azakhali anali mlongo wawo wa Atate. Mpingo wonse unkawatchula choncho, ngakhale nkhalamba zowaposa. Sanakwatiwepo. Zaka zonsezi ankakhala m'kachipinda kogundana ndi sitolo, n'kumasesa, kuchapa nsalu za paguwa ndi kuphikira akulu ampingo tiyi. Mayi Guluu anayesa kukumbukira mawu awo, n'kupeza kuti sakuwadziwa. Zaka makumi awiri akupemphera pamodzi, sanawamvepo akunena china choposa "zikomo".

Chitseko chinali chotsekula pang'ono. M'katimo munali bedi lachitsulo, mpando umodzi, ndi katebulo kotsamira khoma. Azakhali anali atakhala pabedi, manja ali pamiyendo, ngati munthu wodikira basi.

Mayi Guluu anapisa m'chikwama n'kutulutsa mpukutu wa ulusi wosokera mabuku.

"Azakhali, gwirani!"

Dzanja lamanzere linatuluka lokha, thapu! M'mphepete mwake, kuyambira kuchala chaching'ono mpaka pamfundo, munali mwakuda ndi inki.

Nkhalambayo inayang'ana ulusiwo, kenako mlendoyo.

"Wachiwiri ndinu," inatero. Mawu ake anali okhuthala, odekha, osanjenjemera n'komwe. "Woyamba anabwera ndi lalanje. Tsekani chitseko."

Mayi Guluu anatseka, n'kufunsa.

"Onse 26?"

"Onse."

"Atate ankanena, inu n'kumalemba?"

"Atatu oyamba. Achimwene anali ndi pakamwa, koma sukulu sanapite chifukwa cha dzanja lija. Ankachita manyazi. Ndiye ankayendayenda m'chipinda muno akuyankhula, ine ndikulemba. Kenako anayamba kungoti, ‘Mlongo, anthu akumpoto akukangana, alembere.’ Kenako anasiya n'kunena komwe. Ndinkangowapatsa, iwo n'kupinda patatu."

"Nanga yachisanu ndi chinayi? Ija ya kwa amayi amasiye?" anafunsa Mayi Guluu. Kalata imeneyo inawerengedwa Lamulungu lotsatira maliro a amuna awo, ndipo ndi yomwe inawadzutsa pamphasa.

"Ndinakuonani mukulira kuseri kwa thanki ya madzi, mwana ali kumsana. Achimwene tsiku limenelo anali kuulendo."

Mayi Guluu anafuna kukwiya, mkwiyo osabwera. Anafuna kulira, koma nthawi yolira panalibe.

"Azakhali, Aphunzitsi anafera chiyani?"

"Kalata yomaliza. Ija yonena kuti mpando utsale kwa mwana wawo. Tsiku lomwe inalembedwa achimwene anali atagona kuchipatala sabata ziwiri, pakamwa patapotoka, osatulutsa liwu. Mwanayo anabwera muno n'kuima pomwe mwaimapo. Anati, ‘Azakhali, lembani.’ Ndinalemba. Aphunzitsi anafananiza masiku, n'kuzindikira. Anamuuza mwanayo kuti Loweruka adzanena zonse pamaso pa akulu, za ineyo ndi za kalatayo."

"Ndiye Lachitatu?"

"Ndinali pansi pa masitepe, kuseri kwa chitseko, ndi ndowa yokolopera. Anandidutsa kawiri osandiona. Ine anthu sandiona." Anaweramira pansi pa bedi n'kukoka kope lakuda, lopserera m'mbali, lonunkha palafini. "Anakaliponya mumgolo wootchera zinyalala. Mvula inazimitsa moto."

"Ndiye bwanji simunapite kupolisi? Bwanji kalata?"

"Ine ndinene, andimvere ndani? Zaka makumi anayi ndikati ‘tiyi wapsa’ sacheuka. Koma ndikalemba, amuna akuluakulu amagwetsa misozi. Ndinati akamva mawu a bambo ake, mwina aulula yekha." Anayang'ana dzanja lake la inki lija. "Sindinadziwe kuti aloza mwana wanu."

"Mwadziwa tsopano. Mawa mubwere mudzanene pamaso pa akulu ndi apolisi."

"Mukudziwa chomwe mukupempha? Ndikatsegula pakamwa, bukulo latha. Anthu aja amene anaikidwa m'manda akuwerengeredwa makalata amenewa, amene anasiya mowa, amene anabwererana m'mabanja, onsewo adzati ananamizidwa. Achimwene ndinawalonjeza. Ndipo mwanayo mayi ake anamwalira ali wa miyezi inayi. Ndinamulera ndine. Anaphunzira kuyenda atagwira bedi lomweli."

Apa ndiye Mayi Guluu zinawakwana.

"Wanunso ndi mwana, wanganso ndi mwana! Wanuyo wagona pabedi, wadya, wavala jekete. Wanga ali pasimenti ndi magazi a munthu amene ankayesa kumupulumutsa. Munandilembera kalata kuti ndidzuke ndilere mwana ameneyu. Ndamulera. Ndiye lero mumutaye ndinu?"

Azakhali anatembenukira kukhoma, n'kuyamba kukulunga ulusi uja pachala pang'onopang'ono. Mayi Guluu anadikira mpaka miyendo inatopa. Potuluka anafuna kutenga kope lija, koma nkhalambayo inaliponda ndi phazi.

* * *

Loweruka m'mawa akulu ampingo khumi ndi awiri anakhala mozungulira tebulo lalitali m'chipinda cha misonkhano. Abusa aang'ono anakhala kumutu kwa tebulo. Mayi Guluu anali pabenchi lakumbuyo, chikwama chili pamiyendo, atagona kwa mnzawo usiku wathawo poopa kupezeka kushopu. Pambali pawo panali Sajeni. Anali atamuonetsa kamthunzi kaja pamakalata onse, ndipo iye anangoti, "Inki si mboni, mayi. Koma ndibwera ndidzaone."

Abusa aang'ono anapemphera pemphero lalitali. Anapempherera banja la Aphunzitsi, anapemphereranso "mwana wathu wosochera uja". Mayi Guluu analuma mlomo mpaka kumva mchere. Maso awo anali pachitseko, koma chitseko chinali duu.

"Abale," anatero abusawo, "Satana wayesa kuipitsa ntchitoyi ndi kalata yabodza, koma walephera. Makalata a Atate ndi 26. Amene akuvomera kuti buku litsekedwe akweze dzanja."

Manja anayamba kukwera, limodzi limodzi. Pomwepo chitseko chinalira.

Anali Azakhali, atanyamula thileyi ya makapu ndi ketulo. Palibe anacheuka. Mkulu wina anangosuntha chigongono kuti kapu ipeze malo. Mtima wa Mayi Guluu unagwa: abwera ndi tiyi basi.

Azakhali anazungulira tebulo lonse akuthira, mmodzi mmodzi, osataya dontho. Atafika pa mkulu wolemba zokambirana anaika ketulo pansi. Anachotsa cholembera m'dzanja lake ngati akulanda mwana mpeni, anakoka pepala loyera, n'kukhala pampando womwe unasiyidwira Aphunzitsi.

Kwe, kwe, kwe.

M'chipindamo munangomveka cholembera. Mkulu wolembayo anasuzumira papepala, nkhope n'kusintha. Anadzuka. Mumpingo umenewu munthu sakhala pansi pamaso pa malembedwe a Atate; kalata ikatsegulidwa aliyense amaimirira, ndipo ana amaphunzira zimenezi asanadziwe n'kuwerenga komwe. Woyandikana naye anaona zilembozo, nayenso anadzuka. Mipando inalira motsatana kuzungulira tebulo lonse. Ngakhale Abusa aang'ono miyendo inawadzutsa yokha, n'kupezeka aima chilili.

Mkulu wamkulu pa onse, wa ndevu zoyera, anawerenga mokweza mzere uliwonse ukamatuluka, ndi mawu omwe ankawerengera Lamulungu.

"‘Ine mlongo wake wa malemu ndalemba izi ndi dzanja langa, monga ndinalembera ena onse. Lachitatu ndinali pansi pa masitepe. Ndinaona mwana amene ndinamulera akukankha Aphunzitsi ndi manja awiri. Mtsikana uja anafika zitatha kale.’"

Azakhali anapisa m'chilundu chawo ndi dzanja linalo, n'kuika kope lopserera lija pakati pa makapu. Fungo la palafini linadzaza chipinda.

"Azakhali," anatero Abusa aang'ono. Sanalinso mawu apamaliro aja. Anali mawu a kamwana. "Azakhali, inu?"

Nkhalambayo sinadzutse mutu. Misozi inkagwera papepala, dzanja likuikoka pamodzi ndi inki.

"Ayi, ayi, ayi!" Mkulu wa ndevu uja anamenya tebulo. "Ngati walemba ndi mayiyu, ndiye kuti si mawu a Atate! Izi n'zopanda mphamvu. Sizingalowe m'buku!"

Sajeni anadzuka, n'kuika kiyi wake uja m'thumba.

"M'buku lanu kaya, bambo, mukangana nokha. Koma m'langa zilowa. Chichokereni Lachinayi ndakhala ndi mboni yomwe sindikanatha kuiitana kukhoti chifukwa ili m'manda. Lero ndapeza yamoyo." Anatola kope lija n'kulinunkhiza. "Abusa, jekete yomwe munavala Lachitatu ili kuti?"

Abusa aang'ono anayang'ana akulu aja mmodzi mmodzi, ndipo aliyense maso anali pansi.

Za unyolo Mayi Guluu sanafune n'kuonerera komwe. Anamugwira Sajeni mkono wa malaya ndi zala zawo zolimba ndi singano.

"Awa muwatenge, koma tiyende msanga. Wanga wagona pasimenti masiku awiri."

Pakhomo anacheuka kamodzi. Azakhali anali akulembabe, atafika tsamba lachiwiri. Akulu khumi ndi awiri aja anali chiimire, tiyi akuzizira m'makapu, palibe wolimba mtima kukhala pansi dzanjalo lisanaime.

Kupolisi zolembalemba zinatenga mpaka masana, ndipo Mayi Guluu anakana mpando. Chitseko chachitsulo chitatseguka, mtsikanayo anatuluka akuphethira, atagwira khoma. Anawayang'ana amayi ake ngati sakukhulupirira.

"Amayi, akuti ndizipita. Ndiye kuti Atate analembadi?"

Mayi Guluu anagwada pasimenti pomwepo, n'kutulutsa nsapato zomwe anayenda nazo m'chikwama kuyambira Lachinayi.

"Ndikuuza kunyumba, mwanawe. Kweza phazi."